NYUNDO YA DZENJE PAMPHUMI

Nyundo aidziwa mwana ali yense. Iri ndi mutu wacitsulo ndi mpini wamtengo, ndipo nchito yace ndiyo kumenya. Koma nyundo zonse sizifanana ai. Ku dziko la kumwera kwa Nyanja ya Malawi, kuyambira ku Malindi, kudzera pa Mponda ndi pa boma la Mangochi, kufikira ku Monkey Bay, kunali amisiri a citsulo a mitundu yosiyana, ndipo mtundu uli wonse unali ndi nyundo zacezace. Amisiriwo anapita, koma citsulo sicifulumira kutha. Nthawi zina cimatsala m'bokosi la nkhalamba, kapena pansi pa nkhokwe, kapena mumcenga wa kugombe, cofiira ndi dzimbiri, ndipo wocitola sadziwa dzina lace kapena nchito yace.

Mwa nyundo zakalezo iripo imodzi yozizwitsa koposa zinzace. Poiona patali ifanana ndi nyundo wamba. Koma pamphumi pace, pamene payenera kukhala pophwatalala, pali dzenje lobulungira longa kamtondo, kapena longa cigoba ca dzira codulidwa pakati. Kunkhongo kwace citsulo caphwanyika ndi kutambasuka ngati bowa. Munthu akayesa kukhoma nayo msomali, msomaliwo ungolowa m'dzenjemo nupindika. Pamenepo iye ayesa kuti nyundoyo njoonongeka, naitaya, kapena naimangirira ku ukonde ikhale mwala womiza, kapena naigulitsa kwa ogula zitsulo zakale pa mtengo wosakwanira ndi ndiwo za tsiku limodzi. Koma nyundoyo siinaonongeke. Anaisula comweco dala, ndipo amene adziwa kuipenya bwino akhoza kuzindikira nchito yace, ngakhale palibe womuuza.

Mafunso anai ofunsa nyundo

Cipangizo ciri conse cinena nchito yace kwa iye amene adziwa kucifunsa. Khasu litha kukamwa, cifukwa ndiko kumene likomana ndi nthaka. Mpini wa nkhwangwa usalala pamene pagwira dzanja. Momwemonso nyundo. Wofuna kuizindikira aifunse mafunso anai.

Funso loyamba ndilo la mphumi. Citsulo cikapsa pamoto cifewa, cikhala ngati dongo la woumba mbiya, ndipo cilandira maonekedwe a cinthu cimene cacipsinja. Mphumi yophwatalala isiya citsulo cophwatalala. Yosongoka iboola. Yakuthwa idula. Koma mphumi ya dzenje isiya kanthu kotukuka, kobulungira. Cotero dzenjelo ndilo cikombole, monga cikombole ca njerwa.

Funso laciwiri ndilo la nkhongo. Nyundo yomenya itha kumphumi, koma nkhongo yace siphwanyika, ingakhale igwire nchito zaka zambiri. Nkhongo ikatambasuka ngati bowa, ndiko kunena kuti cinthu cina colemera cinali kugwa pamenepo kawirikawiri. Tsono nyundo yotere sinali kumenya ai, koma inali kumenyedwa ndi inzace.

Funso lacitatu ndilo la ciboo ca mpini. Nyundo yomenya ifuna mpini wolimba, wokhomeredwa ndi kamtengo kapena kacitsulo, kuti mutu ungaguluke ndi kulasa munthu. Koma yomenyedwa iri ndi mpini woonda wosakhwimitsa, ndipo ina iribe ciboo konse, iri ndi khosi lokha lokulungapo ndodo yowanda. Amisiri anacita dala cotero, pakuti mpini ukakhwima, mphamvu ya nyundo yaikuru iyenda mumtengo nifika m'dzanja la wogwira, nimpweteka mafupa. Mpini wa nyundo yotere suli woponyera, uli wongogwirira, kuti dzanja likhale kutali ndi moto ndi nkhonya ya citsulo.

Funso lacinai ndilo la kulemera. Kanyundo kopepuka nka osula ndowa ndi malata opyapyala. Nyundo yolemetsa dzanja inagwira nchito pa zitsulo zocindikira. Ndipo kukula kwa dzenje kusonyeza kukula kwa cinthu cimene linali kuumba.

Nyundo za makolo

Mwana asafulumire kunena kuti nyundo yacilendo iri yonse inadza ndi Azungu, pakuti kusula citsulo m'dziko lino nkwakale ndithu. Pa Nkope, kugombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, wofufuza zakale dzina lace Keith Robinson anakumba pansi m'zaka za m'ma 1960, napeza mapale a mbiya ndi zotsala za anthu amene anadziwa citsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Anyanja, Amang'anja ndi Ayao anali kusungunula nthale m'ng'anjo zadongo, nasula makasu, nkhwangwa, mikondo, mipeni ndi mbedza, sitima isanaoneke panyanja.

Nyundo yao yaikuru inali mwala. M'caka ca 1866 David Livingstone anaoloka Shire nafika kwa mfumu Mponda, napitirira kukwera ku mapiri a kumadzulo kwa nyanja. M'midzi ya kumeneko anapeza osula ali pa nchito, nalemba zimene anaona. Nyundo inali mwala waukuru womangidwa ndi luzi lolimba, ndipo luzilo analisiyira magonga awiri ogwirira. Cosulirapo cinali mwala wina wokwiriridwa pansi, mbaniro zinali za khungwa, ndi mivukuto inali ya zikopa za mbuzi. Munthu wamphamvu anali kutukula mwalawo ndi manja awiri nauponya pa citsulo cofiira, pamene mwini cipala anali kutembenuza citsuloco ndi kusonyeza pomenya.

Potsiriza nchito, wosula anali kutenga nyundo yacitsulo yopanda mpini. Imeneyi inali mtanda wa citsulo, wonenepa ku mbali imodzi ndi woonda ku mbali yogwira, wofanana ndi kamunsi. Nayo anali kusalaza khasu ndi kukonza msuka wace. Dzina lakuti nyundo limveka m'zinenero zambiri za m'Afrika, monga Ciyao, Cishona ndi Ciswahili, ndipo m'maiko ena, monga kwa Aluba a ku Congo ndi ku Rwanda, nyundo ya wosula inali kusungidwa pamodzi ndi zizindikiro za ufumu. Cotero makolo sanaiyese cinthu cacabe.

Koma nyundo ziwirizi, ya mwala ndi ya mtanda wacitsulo, ziribe ciboo ca mpini, ndiponso ziribe dzenje pamphumi. Zonse ziwiri nzomenya. Nyundo ya dzenje iri ya nchito ina, imene inafika kunyanja pamodzi ndi sitima.

Msomali wa mitu iwiri

Bwato asema ku mtengo umodzi, ndipo liribe msoko. Koma sitima aimanga ndi matabwa acitsulo ambirimbiri, ndipo matabwawo ayenera kugwirana kolimba kuti madzi angalowe. Msomali wamba sungathe kugwira citsulo, pakuti citsulo sicikumbatira msomali monga ucitira mtengo. Cifukwa cace amisiri anali ndi msomali wina waufupi, wonenepa ngati cala, wosasongoka, wokhala ndi mutu ku mbali imodzi. M'Cingerezi auchula rivet. Anali kusanjikiza milomo ya matabwa awiri, naboola ziboo zolingana, nalowetsa msomali wotentha, napanga mutu waciwiri ku mbali inayo. Msomali wa mitu iwiri sungathe kutuluka, kutsogolo kapena kumbuyo.

Mutu waciwiriwo ndiwo unali kuumbidwa ndi nyundo ya dzenje. Amisiri a ku Britain anaicha snap. Tsono mayankho a mafunso anai aja agwirizana. Dzenje ndilo cikombole ca mutu wa msomali. Nkhongo inatambasuka cifukwa nyundo yaikuru ya manja awiri inali kugwa pamenepo. Mpini unali woonda cifukwa unali wongogwirira. Ndipo kulemera kwace kusonyeza kuti inali ya omanga zombo, akasinja a madzi, milatho ndi miphika ya nthunzi.

Sitima zimene zinadza pamitu ya anthu

Nanga nyundo ya omanga zombo inadzafuna ciani pa Mangochi, kutali cotere ndi nyanja ya mcere? Yankho liri pa mtsinje wa Shire. Pakati pa mtsinjewo pali mathithi amene sitima singathe kukwera. Cifukwa cace sitima iri yonse ya panyanja ino inafika yoduladula, ndipo amisiri anailumikiza kuno. Yoyamba inali Ilala, imene amtengatenga anasenza zigawo zace kupitirira mathithi, nilowa m'nyanja mu October 1875, nifika ku Cape Maclear. Sitima ya boma ya Guendolen anailumikiza pa Mangochi, pamene masiku amenewo panali kuchedwa Fort Johnston, niyamba kuyenda m'caka ca 1899. Ndiyo imene inapita ku Sphinxhaven mu August 1914 ndi kulemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann.

Sitima ya Mishoni ya U.M.C.A. inachedwa Chauncy Maples, kukumbukira bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanja m'caka ca 1895. Anaipanga ku Glasgow m'dziko la Scotland, naimasula, naimanga m'mitolo 3,481. Mitoloyo inaoloka nyanja ya mcere, nikwera Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi inayenda pamitu ya anthu. Mphika wace wa nthunzi unali wolemera matani 11, wosatheka kuugawa, ndipo Angoni 450 anaukoka pagareta. Zonse zinafika pa Mponda.

Pamenepo panaoneka bvuto. Ku Glasgow analemba nambala pa cigawo ciri conse, kuti olumikiza adziwe malo ace. Koma pambuyo pace anakuta zigawozo ndi citsulo cochinga dzimbiri, conga cimene ciri pa malata ofolera nyumba, ndipo manambala anabisika. Amisiri a pa Mponda anayenera kuzindikira cigawo ciri conse ndi maso ao, poona kupindika kwace, utali wace ndi ziboo zace. Anafunsa citsulo monga momwe mwana afunsira nyundo, ndipo citsulo cinawayankha. Nchitoyo inatenga nthawi yaitali, koma sitima ya mamita 38 inalowa m'madzi pa 6 June 1901. Inanyamula aphunzitsi, odwala ndi ana a sukulu zaka zambiri, kufikira Mishoni inaigulitsa m'caka ca 1953. Ku Malindi Mishoni inali ndi nyumba ya amisiri yokonzera sitima zace, ndipo anthu a m'midzi ya kugombe anaphunzira kumeneko nchito ya citsulo.

Makhomedwe a msomali

Munthu mmodzi sangathe kukhoma msomali wa mitu iwiri pa sitima. Ku madoko a ku Britain nchitoyi inali ya gulu la anthu anai kapena asanu, ndipo ali yense anali ndi gawo lace.

Woyamba anali mnyamata wosonkha moto. Iye anali kuika misomali pamakala ndi kubvukuta kufikira itafiira ndi kuwala. Msomali wosapsa bwino sulola kuumbidwa, ndipo wopsereza uonongeka. Cotero maso a mnyamatayo anali a mtengo wapatali. Waciwiri anali kulandira msomali ndi mbaniro naulowetsa m'ciboo msanga. Wacitatu anali kuseri kwa thabwa, kukanikiza mutu wa msomali ndi citsulo colemera, kuti ungabwerere m'mbuyo. Iye anali kukhala m'kati mwa sitima, mumdima ndi m'phokoso, osaona anzace, koma akalefuka iye nchito yonse inali kulephereka. Ndipo kutsogolo kunali amuna awiri a nyundo, omenya mosinthana monga acitira akazi awiri posinja mumtondo umodzi.

Iwowa anali kuyamba kumenya nsonga ya msomali kuti itupe ndi kudzaza ciboo conse. Pamenepo mmodzi anali kutenga nyundo ya dzenje, naibvundikira pa nsonga yotupayo, nagwira mpini, ndipo mnzace anali kugwetsa nyundo yaikuru pankhongo pace kangapo. Poicotsa, panali kuoneka mutu wobulungira, wosalala, wofanana ndi anzace onse mumzere. Zonsezi zinayenera kutha msomali usanazizire. Misomali ina, makamaka ya kunja kwa sitima kumene kukhudza madzi, anali kuimenya kufikira italingana ndi thabwa, kuti madzi apite bwino, koma mitu yobulungira ioneka pa miphika ya nthunzi, pa akasinja ndi pa nthiti za m'kati.

Nzeru yaikuru ya nchitoyi iri pa kuzizira. Citsulo cikatentha citalika pang'ono, ndipo cikazizira cifupika. Msomali ulowa m'ciboo uli wotentha, nulandira mutu waciwiri uli wotenthabe. Pozizira ufuna kufupika, koma mitu iwiri iukaniza. Cotero ukoka matabwa awiriwo ndi mphamvu yoposa ya manja a anthu ambiri. Pambuyo pace mmisiri wina anali kudzera m'misoko ndi cisemero cobuntha, kukhomerera milomo ya matabwa kuti pasatsale mpata ngakhale wa dontho limodzi. Wina anali kugogoda mitu ndi kanyundo namvetsera. Msomali wogwira bwino ulira momveka, koma wogwedera ulira mogonthera, ndipo umenewo anali kuudula ndi kukhoma wina. Anatero cifukwa moyo wa anthu onse okwera sitima pa mwera unali kudalira misomali imeneyi, umodzi ndi umodzi.

Abale ace a nyundoyi

Nyundo ya dzenje siiri yokha m'banja la nyundo zomenyedwa. Onse a m'banjamo adziwika ndi nkhongo yonga bowa, koma asiyana pamphumi. Ina iri ndi mphumi yotakata ya ngondya zinai, yosalala, ndipo nchito yace ndiyo kufafaniza zipsera zimene nyundo yasiya pa citsulo. Ina iri ndi ngalande yaitali pamphumi, ndiyo younga ndodo yacitsulo kuti ikhale yobulungira. Ina iri ndi msana wotukuka, ndiyo yokumba khosi pa citsulo. Ina njakuthwa ngati nkhwangwa yaing'ono, ndiyo yodula, ndi ina njosongoka, ndiyo yoboola. Wodziwa mafunso anai aja sasokonezeka nazo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ndipo makamaka pa nkhondo yaikuru ya 1939 kufikira 1945, omanga zombo anayamba kulumikiza zitsulo ndi moto wa magetsi, ndiko kuocherera. Njira imeneyi iri yacangu, ifuna anthu ocepa, ndipo sifuna ziboo. Pang'ono ndi pang'ono magulu okhoma misomali anatha, ndipo nyundo zao zinagonekedwa. Koma nzeruyo sinafe konse. Osula ndowa ndi mbaula m'misika alumikizabe zigwiriro ndi timisomali ta mitu iwiri, tosatenthetsa, ndipo mwana akapenya pamene cigwiriro ca ndowa cikomana ndi lata adzaona timitu tobulungira, tofanana ndi ija ya pa sitima.

Woipeza acite ciani?

Mwana akatola nyundo yotere, coyamba asamenye nayo kanthu, ndiponso asaimenye. Milomo ya nkhongo yotambasuka iri yong'aluka, ndipo kacidutswa kangathe kuthethekera m'diso ndi kulicititsa khungu. Caciwiri, asainole pamwala kapena kuipala ndi tupa, pakuti zipsera zace ndizo mboni zace. Aipukute ndi nsanza, naidzoze mafuta pang'ono, napenye m'mbali mwace, cifukwa nyundo zina ziri ndi dzina la wozipanga kapena nambala yosonyeza ukuru wa msomali. Cacitatu, akumbukire malo amene anaipeza, ndi zina zimene zinali pomwepo, pakuti cinthu cakale cikasiyana ndi malo ace citaya theka la mbiri yace.

Pamenepo apite nayo kwa akuru. M'midzi ya kugombe alipo anthu amene atate ao kapena agogo ao anagwira nchito pa sitima, ndipo akhoza kudziwa mwini nyundoyo ndi kumene anaigwiritsa nchito. Akale anati safunsa anadya phula. Aisonyezenso kwa mphunzitsi, kuti ana onse aione ndi kuijambula m'mabuku ao. Pa boma la Mangochi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja, yochedwa Lake Malawi Museum, ndipo osunga nyumbayo ndiwo oyenera kuuzidwa za cinthu cotere.

Wogula zitsulo zakale aika nyundo pasikelo, nawerenga kulemera kwace kokha, naitumiza kukasungunulidwa. Ikalowa m'ng'anjo, palibenso angathe kudziwa kuti inaumba mitu ya misomali, kapena kuti m'dziko lino munali anthu odziwa kumanga sitima ndi manja ao. Ndalama yace itha tsiku lomwelo, koma nyundo yosungidwa iphunzitsa ana ndi adzukulu. Iphunzitsanso kuti pa nchito yaikuru womenya sakhala yekha. Pafunika wosonkha moto, wogwira kuseri kosaoneka, ndi nyundo imene ingokhala pamalo pace ndi kulandira nkhonya. Pakasowa mmodzi wa iwo, msoko ucuca ndipo sitima imira.

Mafunso

1. Kodi nkhongo yotambasuka ngati bowa isonyeza ciani pa nyundo?
2. Nyundo ziwiri za osula akale zinali zotani?
3. Cifukwa ninji sitima za pa Nyanja ya Malawi zinafika zoduladula?
4. Cicitika nciani msomali wa mitu iwiri ukazizira?
5. Mwana wotola cipangizo cakale ayenera kucita zinthu ziti?